Mwana Akapita ku Mpira, Phungu Wake Ndani?



Kapepala aka tikawerenge mosinthana monga timachitira, wina ndime iyi wina ndime iyo, ndipo pamene wina wamva kuti pali mawu, tiime n'kukambirana. Sitikuthamangira kumapeto. Nkhani yake ndi ya anyamata ndi atsikana athu amene ali ndi luso la mpira wamiyendo, makamaka aja amene mpirawo wayamba kuwadyetsa kapena watsala pang'ono kutero, ndiponso ya udindo wa ife amene tawaona akukula.

Kuno kwa Chisemphere mpira uli ndi nyengo yake. Fodya akachoka m'zigafa, akasankhidwa, akadindidwa pa jeke n'kupita ku okushoni ku Chinkhoma, mabwalo a masukulu amadzaza. Matimu a m'midzi amakumana, ena ochokera ku Nkhamenya, ena ku Chatoloma, ndipo mabonanza amachuluka, makamaka chisankho chikayandikira. Pa anyamata 22 amene ali m'bwalo pamapezeka mmodzi amene aliyense amaona kuti ndi wina. Anayambira mpira wachikulunga, wa mapepala apulasitiki omangidwa ndi malegeni, akusewera wopanda nsapato, koma lero akagwira mpira ngakhale agogo ogulitsa nzimbe amaimirira. Anthu amati, "Uyu apita patali." Tsiku lina kumabweradi munthu wa timu ya ku boma kapena ya ku Lilongwe n'kumutenga. Mudzi umasangalala, ndipo m'mitima mwathu timati ntchito yathu yatha. Chonsecho pamenepo m'pamene ntchito imayambira, ndipo kawirikawiri palibe amene amaigwira.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa chikondi chosawerengera chimanamiza ana. Super League ili ndi matimu 16. Titati timu iliyonse ili ndi osewera 30, onse pamodzi ndi 480. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17 miliyoni m'dziko muno, ndipo boma la Kasungu lokha linali ndi anthu oposa 800,000. Malo 480 amenewo akulimbirana anyamata a dziko lonse, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Mwa olowawo, si onse amene amalandira ndalama yoti n'kusungira banja. Matimu ena alibe kampani yowathandiza, moti osewera amatha miyezi akudikira malipiro. Ofika kunja ngati Gabadinho Mhango ndi owerengeka. Tonse tikukumbukira chigoli chimene anamwetsa ali patali pomwe Flames inkasewera ndi Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022, ndipo ana athu amachikumbukira kuposa ife. Chimene anawo saona ndi anzake ambirimbiri amene anayamba naye limodzi, omwe lero mayina awo sadziwika. Ngakhale katswiri weniweni, akamafika zaka 35 miyendo imakhala itayamba kukana, ndipo bondo limodzi likhoza kutseka zonse ali ndi zaka 22. Ndiye kuti mwana amene tikumutumiza ku mpira tikumutumiza ku ntchito ya zaka zochepa. Zaka zotsalazo, zomwe ndi zambiri, adzakhala munthu wamba pakati pathu, bambo wa ana, mwamuna wa mwini.

Sitikunena izi kuti ana asiye mpira. TN Stars ya ku Kasungu itafika mu Super League mu 2018, anyamata a kuno anaona ndi maso awo kuti khomo lilipo, ndipo lili pafupi. Mpira ndi ntchito monga zilili ntchito zina, ndipo Bahá'u'lláh anatiphunzitsa kuti ntchito imene munthu waigwira ndi mtima wotumikira anzake imawerengedwa ngati kupembedza. Luso ndi mphatso imene mwini wake anangosungitsidwa. Funso lathu ndi lakuti, munthu amene wanyamula mphatsoyo akusamalidwa ndi yani?

Makolo athu anali nalo yankho. Mwana akamalowa chinamwali, pankakhala anamkungwi olangiza gulu lonse, koma namwali aliyense ankakhalanso ndi phungu wake. Masiku ano tikamva mawu akuti phungu timangoganiza za ku Nyumba ya Malamulo, koma phungu woyambirira ndi uja ankakhala pambali pa namwali, kumumasulira zimene sanamve, kumudzudzula kuseri anthu osaona, n'kumapitiriza kumuyang'anira mwambo utatha. Banja latsopano nalonso silisiyidwa lokha, limakhala ndi ankhoswe. Akuluakulu anadziwa kuti munthu akamawoloka kuchoka pa msinkhu wina kupita pa wina amafunika womugwira dzanja. Mnyamata wochoka kwa Chisemphere kukasaina kontrakiti ku Lilongwe kapena ku Blantyre akuwoloka mtsinje waukulu ndithu, koma ife timamuwolotsa wopanda phungu.

Wina anena kuti kochi alipo. Alipodi, ndipo makochi ambiri a m'midzi muno ndi anthu amtima, amene amagulira ana madzi ndi mabanzi ndi ndalama za m'thumba mwawo. Koma kochi wa timu yaikulu analembedwa ntchito kuti apambane Loweruka. Timu ikagonja katatu motsatizana, iyeyo ntchito yamuthera. N'chifukwa chake mnyamata amene bondo likumupweteka sauza kochi, amaopa kukhala pabenchi. Amene sakupeza tulo chifukwa cha ngongole sauza akuluakulu a timu, amaopa kusekedwa. Akufunika munthu wina wapadera, amene sapindula kanthu iye akamwetsa chigoli ndipo sataya kanthu iye akaphonya.

M'maphunziro athu timazitchula zimenezi kuti kuyenda limodzi, ndipo amene afika Buku 7 la Ruhi akudziwa kuti buku lonselo likukamba nkhani yomweyi. Mbiri ya Chipembedzo chathu mu Africa ili ndi chitsanzo chimene ndi bwino tichikumbukire. Enoch Olinga anabadwa ku Uganda mu 1926. Anali mnyamata wanzeru, wodziwa zinenero zingapo, wogwira ntchito m'boma ku Kampala, koma mowa unamugwira, ndipo pomaliza pake unamuchotsetsa ntchito. Mu 1951 anayamba kupita ku misonkhano imene ankachititsa 'Alí Nakhjavání, yemwe anali atangofika ku Uganda kuchokera ku Iran pamodzi ndi apongozi ake a Músá Banání. Kumayambiriro kwa 1952 Olinga analowa Chipembedzo ndipo mowa anausiya. Chimene tikufuna tichione bwino ndi chimene Nakhjavání anachita pambuyo pake. Olinga atabwerera kwawo ku Teso, Nakhjavání anamutsatira n'kukakhala naye kumudzi komweko. Mu 1953 Olinga atadzipereka kupita ku Cameroon, Nakhjavání ndi mkazi wake Violette sanangomutsazika n'kumufunira ulendo wabwino. Anamukweza m'galimoto yawo yaing'ono, ulendo wa pafupifupi miyezi iwiri m'misewu yamatope, galimoto ikuwonongeka m'njira, mpaka anamufikitsa m'tauni ya Victoria, imene lero imatchedwa Limbe ngati yathu ija ya ku Blantyre. Atamufikitsa anamusiya kuti aime yekha, pakuti kuyenda limodzi kulinso ndi nthawi yotaya dzanja. Chaka chotsatira, 1954, anyamata amene Olinga anawaphunzitsa ndi amene anadzuka kupita kumadera ena a kumadzulo kwa Africa. Mu 1957, ali ndi zaka 31, Shoghi Effendi anamusankha kukhala Dzanja la Chipembedzo cha Mulungu. Anthu a ku Kampala amene ankamuona akudzandira mu 1951 sakanakhulupirira zimenezi. Bahá'u'lláh anayerekeza munthu ndi mgodi umene chuma chake chili pansi, chosaoneka mpaka wina atakumba ndi maphunziro. Ife tikaona mnyamata wampira timaona miyendo, chifukwa ndiyo ili pamwamba. Phungu amafunafuna zimene zili pansi pake.

Ife alimi a fodya sitifunika kuuzidwa zambiri pa nkhaniyi. Mbande sitizizula pa nazale lero n'kuziwokera zili zanthete. Masabata omaliza timachepetsa kuthirira, timameta masamba, kuti tsinde likhwime, chifukwa tikudziwa dzuwa limene zikakumane nalo kumunda. Ndipo tikawokera sitichoka, timabwerera kukaona zimene zafota n'kupakiza. Tiyeni tione dzuwa limene mwana wathu akakumane nalo.

Yesero loyamba limabwera asanakwere n'komwe minibasi. Munthu amakhala pansi ndi makolo n'kunena kuti, "Tichotsepo zaka zitatu kuti alowe m'timu ya osapitirira zaka 17. Aliyense amatero." Ambiri a ife sitichiona ngati chinthu chachikulu, chifukwa palibe mbuzi yabedwa. Koma alipo wabedwa: mwana wa zaka 16 zenizeni, mwina wa m'mudzi woyandikana nafe, amene malo ake atengedwa ndi munthu wandevu. Bodzali masiku ano limagwidwanso. Kuyambira 2009 FIFA imagwiritsa ntchito makina a MRI kuunika mafupa a pamkono pa mipikisano ya osapitirira zaka 17, ndipo matimu a maiko ena a mu Africa akhala akuchotsedwa m'mipikisano chifukwa cha zomwezi. Komabe choopsa chachikulu chili mumtima mwa mwanayo. 'Abdu'l-Bahá anaika kunena zoona pansi pa makhalidwe ena onse monga maziko a nyumba. Mnyamata amene waona kuti khomo lake loyamba linatsegulidwa ndi bodza, makolo ake atavomereza, tsiku lina wina akadzamupatsa ndalama kuti alole chigoli chilowe, adzakana ndi mphamvu yochokera kuti? Pamafunika munthu mmodzi m'chipindamo wonena kuti, "Ayi, zaka zake ndi zimene zili pa chiphaso chobadwira," n'kupirira kukwiya kwa banja kwa sabata imodzi kapena ziwiri.

Kenako amabwera anthu amalonjezo. Ena amafika pa galimoto, ena pa Facebook ndi WhatsApp, ali ndi zithunzi zimene anajambulitsa ndi akatswiri. Amati pali mwayi wokayesedwa ku Johannesburg kapena ku Ulaya, koma banja lipereke ndalama ya pasipoti, ya ndege ndi "yotsegulira njira". Banja limagulitsa ng'ombe, kapena limapereka ndalama yonse ya mabelo a chaka chimenecho. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anyamata ambiri a mu Africa asiyidwa m'mizinda yachilendo opanda timu, opanda mapepala, akuchita manyazi kuimba foni kwawo. Apa phungu akufunika kudziwa malamulo angapo, ndipo si ovuta. Malamulo a FIFA saloleza kuti wosewera wosakwana zaka 18 asamutsidwe kukasewera kudziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa, monga ngati makolo ake asamukira kumeneko pa nkhani zosakhudzana ndi mpira. Choncho munthu wolonjeza kutengera mwana wa zaka 15 ku timu ya ku Ulaya mwezi wamawa wayamba kale kunama. Wosakwana zaka 18 sasaina kontrakiti yoposa zaka zitatu. Kuyambira 2023 FIFA inakhazikitsa mayeso ndi chiphaso cha maejenti, ndiye sikulakwa kufunsa munthu kuti, "Chiphaso chanu tichione," n'kuimba foni ku ofesi ya FAM ku Chiwembe kuti atsimikize. Woona sakwiya ndi funso limeneli.

Pali lamulo linanso limene matimu athu a m'midzi amaluza nalo posadziwa. Wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina kontrakiti yake isanathe, magawo 5 pa 100 aliwonse a mtengo wake amagawidwa kwa matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Koma ogawiridwa ndi matimu okhawo amene ali m'kaundula, amene mwanayo analembetsedwa nawo. Timu imene inamulera zaka zinayi pa bwalo lafumbi, ngati sinalembetse, m'mabuku mulibe. Ili ndi phunziro kwa makochi athu, ndipo ndi chifukwa chinanso cholembera dzina ndi zaka zoona kuyambira pachiyambi.

Kontrakiti ikabwera imakhala m'Chingerezi chovuta. Mnyamata amangoyang'ana pamene pali nambala n'kusaina. Ntchito ya phungu ndi kukhala pansi ndi iye ndi makolo ake, kuwerenga mzere ndi mzere, kumasulira m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, ndi kufunsa mafunso osasangalatsa: akavulala alipira chipatala ndani, azikhala kuti, sukulu apitiriza bwanji, timu ikalephera kulipira miyezi itatu iye ali ndi ufulu wotani. Pepala limodzi litsale kunyumba, m'sutikesi ya mayi ake. Safunsa anadya phula.

Tsopano ndalama. Pa nkhani iyi anthu a ku Kasungu tisaloze chala anyamata, chifukwa tonse tikudziwa zimene ndalama yobwera kamodzi pachaka imachita. Taona abambo olima bwino, ogwira ntchito kuyambira pa nazale mu Ogasiti mpaka pa okushoni, akalandira ndalama n'kusowa sabata ziwiri ku boma, pobwera ali ndi wailesi ndi ngongole. Ngati munthu wa zaka 50 amapepuka nayo, nanga mwana wa zaka 19 amene sanagwirepo ndalama yoposa ya ganyu, lero wapatsidwa ndalama yosainira nthawi imodzi? Anzake atsopano amamera ngati bowa. Koma tinenenso chimene sitikonda kumva: gawo lina la katundu amene amathyola anyamatawa ndi ife achibale. Foni imalira m'mawa, feteleza, masana, fizi ya mphwake, usiku, maliro. Mwana amasanduka banki ya mudzi wonse, ndipo poopa kutchedwa wodzikonda amakongola katapila kuti atumize. Timamva za Sadio Mané amene anamanga sukulu ndi chipatala kwawo ku Bambali ku Senegal, n'kumati wathuyu bwanji. Tikuiwala kuti Mané ankalandira malipiro a Liverpool. Njira imene Bahá'u'lláh anatipatsa pa zinthu zotere ndi kukambirana: banja likhale pansi, aliyense anene maganizo ake momasuka ndi mwaulemu, agwirizane kuti pamwezi azitumiza zingati, azisunga zingati, ndipo zikagwirizanidwa aliyense azilemekeze. Mnyamata payekha sangauze amalume ake kuti dikirani. Phungu wamkulu msinkhu akhoza kumunenera.

Za mowa ndi njuga sitichulutsa mawu, popeza Kitáb-i-Aqdas inaletsa zonse ziwiri ndipo zotsatira zake timaziona pa msika tsiku lililonse. Chachilendo n'chakuti njuga lero ili m'thumba, pa foni, ndipo yavala jezi ya mpira. Kwa wosewera, kubetcha n'koopsa kawiri. Malamulo a mpira amamuletsa kubetcha pa masewero a mpira, ndipo wosewera amene ali ndi ngongole ya njuga ndi amene ogula magemu amamufunafuna. Palinso za mankhwala. Tamva za matimu okana kulowera pachipata n'kudumpha mpanda, za zithumwa zokwiriridwa pagolo. Mwana wochoka kuno akalowa m'timu yotero amauzidwa kuti asambe zimene anzake akusamba. Chipembedzo chathu chimatiphunzitsa kuti chikhulupiriro chosemphana ndi nzeru ndi sayansi chimasanduka zamatsenga. Zithumwa zikanakhala kuti zimamwetsa zigoli, bwenzi chikho cha dziko lonse chili kuno kalekale. Koma mnyamata wa zaka 18 kukana pamaso pa akuluakulu a timu n'kovuta ngati alibe wina amene anakambirana naye kale za m'mene angakanire mwaulemu.

Atsikana tisawaiwale, chifukwa katundu wawo ndi wolemera kuposa. Tabitha Chawinga wa ku Rumphi anasewera mu DD Sunshine ku Lilongwe, mu 2014 anapita ku Sweden, ndipo mu 2022/23 ndiye anamwetsa zigoli zambiri mu ligi ya amayi ya ku Italy ali ku Inter Milan. Mng'ono wake Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, chiwerengero chimene panalibe anali atachifikapo. Scorchers inatenga chikho cha COSAFA mu 2023. Ana aakazi a kuno akuziona zimenezi, ndipo akufuna. Koma Tabitha yemweyo anaulula kwa atolankhani mu 2021 kuti ali wamng'ono anavulidwapo zovala pabwalo, anthu akufuna kutsimikiza ngati ndi mtsikanadi. Panali akuluakulu pamenepo, koma zinachitikabe. Palinso amuna ena amene amauza mtsikana kuti malo m'timu ali ndi mtengo wake, ndipo tonse tikudziwa mtengo umene akunena. Timakhulupirira kuti mwamuna ndi mkazi ndi ofanana pamaso pa Mulungu, ndiponso kuti maphunziro a mwana wamkazi ndi oyamba kuganiziridwa. Ngati n'choncho, yankho lathu lisakhale kutsekera atsikana m'nyumba. Mtsikana aliyense wopita kukasewera kutali akhale ndi mayi wodalirika amene angamuuze chilichonse, amene nambala yake anailoweza pamtima, ndipo a timuwo adziwe kuti mayiyo alipo.

Tafika pa yesero lalikulu, limene mabungwe a mpira ngakhale ku Ulaya achedwa kuliona. Jeremy Wisten anabadwira ku Malawi, makolo ake anasamukira naye ku England ali wamng'ono, ndipo ali ndi zaka 13 analowa m'sukulu ya mpira ya Manchester City. Mu 2018 anavulala bondo, ndipo pambuyo pake timuyo inamuuza kuti sapitiriza. Anayesa matimu ena osatheka. Mu Okutobala 2020, ali ndi zaka 18, anapezeka atamwalira kunyumba kwawo, ndipo bwalo lofufuza za imfa linapeza kuti anadzipha. Anali mwana wa makolo omukonda, m'dziko la zipatala zabwino. Imfa yake inachititsa anthu a mpira ku England kudzifunsa mafunso, ndipo mu 2022 timu ya Crystal Palace inalengeza kuti anyamata amene yawachotsa m'sukulu yake izikhala ikuwatsatirabe kwa zaka zitatu, kuwathandiza kupeza timu ina, sukulu kapena ntchito. Sitingadziwe zonse zimene zinali mumtima mwa Jeremy, ndipo si kwathu kuweruza. Koma tikudziwa chimene chimachitika mwana akauzidwa kuyambira ali ndi zaka 10 kuti iye ndi mpira basi. Mpirawo ukachoka, amadziona ngati palibe chatsala.

Kuno kwathu zimachitika mwakachetechete. Mnyamata uja tinamuperekeza ndi nthungululu amabwerera pa minibasi yomaliza, kuti atsike kutada. Sabata yoyamba satuluka m'nyumba. Pachigayo ndi pabawo nkhani imakhala ili m'kamwa: "Paja ankati apita ku Joni?" Abwenzi, miseche Bahá'u'lláh anailetsa ndi mawu amphamvu kwambiri, ndipo anaichenjeza kuti imazimitsa moyo wa mzimu. Pa mnyamata wobwerera, miseche ikhoza kuzimitsanso moyo wa thupi. Amene tinavina tsiku lopita tili ndi ngongole ya kupita kukamuona tsiku lobwerera, n'kumuuza kuti malo ake alipo. Ndipo tikaona kuti wasiya kudya, wasiya kuyankhula, kapena akunena mawu otsazika, tisangoti ndi manyazi atha okha. Tikhale naye pafupi ndipo timuperekeze kuchipatala.

Mankhwala a zimenezi amayamba kale, mwana asanachoke. Ayenera kudziwa kuti ndi mzimu umene Mulungu anaulenga wolemekezeka, ndipo mpira ndi chimodzi mwa zimene amatha. Masukulu abwino a mpira anazindikira zimenezi. Right to Dream ya ku Ghana, yomwe inayamba mu 1999 ndipo inalera Mohammed Kudus, imaphunzitsa mpira, sukulu ndi khalidwe pamodzi. Ascent Soccer ku Lilongwe nayonso imasunga anyamata ndi atsikana m'kalasi, ndipo ena mwa ana ake apita kunja kudzera pa maphunziro. Ife tilibe mabwalo audzu wothirira, koma kuumirira kuti mwana alembe MSCE tingathe. Amene sukulu inamukanika, monga ana ambiri a m'maesiteti amene anakulira m'chigafa nthawi ya kalasi, aphunzire ukalipentala, kuwotcherera, kusoka kapena ulimi wamthirira. Bahá'u'lláh analamula kuti aliyense akhale ndi ntchito kapena luso lodzidyetsera, ndipo wampira sanapatulidwe.

Nanga ife a m'gulu lino tingachite chiyani? Chida china tili nacho kale. Magulu a achinyamata achisodzera, a zaka 12 mpaka 15, amene Buku 5 limatikonzekeretsa kuwatsogolera, ndi a msinkhu womwewo umene luso la mpira limaonekera. Magulu ambiri akamaliza kuwerenga amatuluka kukasewera, ndipo ena a ife timaona ngati mpirawo ndi nyambo chabe yokokera ana ku mabuku. Kumeneko n'kuuchepetsa. Pabwalo m'pamene wotsogolera gulu amaona amene amanama kuti mpira sunatuluke, amene amakwiya akalandidwa, amene sapatsira mnzake, amene amadzutsa mdani wake akagwa. Zimene awerenga za chilungamo zimayesedwa pomwepo, fumbi lili m'maso. Ubwenzi umene wayamba pa zaka 12 ndi umene ungapirire mpaka tsiku la kontrakiti.

Phungu safunika kudziwa mpira. Agogo amene sadziwa kuti ofusayidi n'chiyani akhoza kukhala phungu wabwino kuposa katswiri wakale wokonda kudzitama. Komabe akatswiri akale amene ali m'midzi muno, aja anasewerapo m'maligi a m'chigawo n'kubwerera, tisawadutse. Akudziwa njira yonse, ndipo kuwapatsa mwana woti amuyang'anire kumawachiritsa iwonso. Chofunika ndi munthu wosunga chinsinsi, womvetsera nthawi yaitali asanayankhule, wokhala ndi mayunitsi oimbira foni kamodzi pasabata, timu ipambane kapena igonje. Asalandire kanthu kuchokera kwa mwanayo kapena kwa ejenti, ngakhale jezi, chifukwa tsiku limene walandira wasanduka mmodzi wa odya nawo. Asalowe m'malo mwa makolo, ndipo asayambe popanda chilolezo chawo. Mnyamata akhale ndi bambo, mtsikana akhale ndi mayi, ndipo azikumana poonekera. Mwanayo kaya ndi wa CCAP, wa Katolika, Msilamu kapena sapemphera kulikonse, tikumutumikira chifukwa mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Tikamuyandikira ndi cholinga chobisika choti alowe kwathu, adzazindikira msanga, ndipo adzatiika m'gulu la aja amene amafuna kanthu kwa iye.

Tisanatseke ndi pemphero, aliyense aganize mumtima za mwana mmodzi wa m'dera lathu amene wapita ku mpira, amene ali pafupi kupita, kapena amene wabwerera. Dzina lake tisalitchule pano. Tikambirane zokhazi: munthu angafike bwanji pakhomo pa makolo ake osaoneka ngati wabwera kudzawaphunzitsa kulera, ndipo angayambe ndi mawu otani kwa mnyamata amene wabwerera ndipo sakufuna kuona munthu. Sabata yamawa tiyamba ndi kumva kwa amene anapita, zimene makolowo ananena. Amene amadziwana ndi makochi a matimu a m'midzi yathu awaitane adzakhale nafe, kuti tidzafunse ngati matimuwo ndi osewera awo ali m'kaundula.